Njira Zodziwira Ukali wa Kachilombo ka Chimfine cha Mbalame pa Mitundu Yosiyanasiyana ya Mbalame

Kachilombo kamodzi komweko ka chimfine cha mbalame kakhoza kupulula khola lonse la nkhuku m'masiku awiri kapena atatu, pamene abakha amene ankamwera nazo madzi m'chiwiya chimodzi akupitiriza kudya ndi kusambira bwinobwino. Pa chifukwa chimenechi, funso limene madokotala a ziweto amafunsidwa matendawa akabuka, lakuti kachilomboka n'kaukali motani, lilibe yankho limodzi lokwanira mbalame zonse. Pali njira zingapo zoliyankhira. Ena amawerenga mitembo m'khola, ena amabaya nkhuku za mu labotale ndi kachilomboko n'kudikira zimene zichitike, ena amawerenga kapangidwe ka mapuloteni ake, ndipo ena amakayesa pa mtundu weniweni wa mbalame imene akuidera nkhawa. Ine ndimakhulupirira kuti njira yowerenga puloteni yotchedwa hemagglutinin ndiyo yoyenera kuyambira, koma ndimaonanso kuti chigamulo chimene imapereka chimakhudza nkhuku makamaka, ndipo munthu amene angachigwiritse ntchito pa bakha, pa nthiwatiwa kapena pa mbalame zakutchire popanda kufufuzanso akhoza kusochera kwambiri.

Kachilomboka ndi ka gulu la influenza A, ndipo malangizo a chibadwa chake ali m'tizidutswa 8 ta RNA. Kunja kwake kuli mapuloteni awiri osongoka, hemagglutinin, imene imafupikitsidwa kuti HA, ndi neuraminidase, imene imafupikitsidwa kuti NA. Yoyambayo ndi imene imamatirira pa selo la mbalame n'kutsegulira kachilomboko njira yolowera, pamene yachiwiriyo imamasula tizilombo tatsopano kuti tichoke pa selo limene tabadwiramo. M'mbalame za m'madzi mwakhala mukupezeka mitundu 16 ya HA ndi mitundu 9 ya NA, ndipo mayina monga H5N1 kapena H7N6 amangonena mtundu wa mapuloteni awiriwa. Abakha akutchire, atsekwe ndi mbalame za m'mphepete mwa nyanja amakhala ndi tizilomboti m'matumbo kawirikawiri osadwala, ndipo miliri yonse ikuluikulu imene yapululapo nkhuku yachokera ku mitundu iwiri yokha, H5 ndi H7.

Njira yakale kwambiri ndi yongoona mmene ziweto zikufera, ndipo ndi imene Edoardo Perroncito anagwiritsa ntchito pofotokoza matendawa koyamba ku Italy m'chaka cha 1878, kutatsala zaka 77 kuti Werner Schäfer asonyeze mu 1955 kuti woyambitsa wake ndi kachilombo ka influenza A. Nkhuku zimasiya kuikira, mutu umatupa, kanyama kofiira ka pamutu kamada, magazi amaundana pansi pa khungu la miyendo, ndipo zambiri zimangopezeka zitafa m'mawa zisanaonetse chizindikiro chilichonse. Njirayi sifuna ndalama ndipo mlimi aliyense angaikwanitse, koma imadziwitsa munthu zinthu zitavuta kale. Choipa china n'chakuti zizindikiro zimenezi n'zofanana kwambiri ndi za chitopa, chimene ena amati chideru, moti ngakhale dokotala wodziwa ntchito sangasiyanitse matenda awiriwa ndi maso okha. Ndi njira yochenjeza kuti pakufunika kutenga zoyeza, osati yogamulira mlandu.

Njira yachiwiri ndi imene bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse la WOAH, limene kale linkadziwika kuti OIE, linaikhazikitsa ngati muyezo, ndipo imatchedwa IVPI. Kachilomboko amayamba akachulukitsa m'mazira a nkhuku amene afungatiridwa masiku 9 mpaka 11, kenako amatenga madzi a m'dziramo, kuwasungunula, n'kuwabaya mumtsempha wa nkhuku 10 za masabata 6 zimene zinaleredwa mopanda matenda. Kwa masiku 10, tsiku lililonse nkhuku iliyonse imapatsidwa nambala: 0 ngati ili bwino, 1 ngati ikudwala, 2 ngati yadwalika kwambiri, ndi 3 ngati yafa. Akaphatikiza manambala onsewo n'kupeza nambala yapakati, zotsatira zimakhala pakati pa 0 ndi 3. Zikakhala 3.00 ndiye kuti nkhuku zonse zinafa pasanathe maola 24, ndipo zikangopitirira 1.2 kachilomboko kamaikidwa m'gulu la tizilombo taukali kwambiri. Muyezo winanso wofanana nawo umati kachilombo n'kaukali ngati kapha nkhuku zosachepera 75 pa 100 zilizonse za masabata 4 mpaka 8 zimene zabayidwa.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imayeza kachilombo kathunthu, mapuloteni ake onse akugwirira ntchito limodzi m'thupi lamoyo, ndipo sidalira kuti asayansi akhale atamvetsa kale chimene chikupha. Koma imatenga nthawi yaitali, chifukwa pamwamba pa masiku 10 aja pali masiku ochulukitsira kachilomboko m'mazira, ndipo mliri sudikira masabata awiri. Imafunanso labotale yotetezedwa kwambiri, imene mayiko ambiri alibe, moti zoyeza zimatumizidwa kumalo monga Weybridge ku Britain kapena Legnaro ku Italy. Nkhuku zoyeserazo zimavutika kwambiri, ndipo mfundo imeneyi sindikuiona ngati yaing'ono. Palinso vuto lakuti mtsempha si njira imene mbalame imatengera matendawa m'khola, ndipo tizilombo tina ta mtundu wa H10 tapitirirapo 1.2 titabayidwa mumtsempha chifukwa chowononga impso, koma osapha nkhuku titadonthezedwa m'mphuno. Vuto lalikulu koposa lili pa nyama yoyeserayo. Mawu akuti kachilombo kaukali kwambiri kapena kopanda ukali, amene timawamva m'nkhani, amanena za nkhuku ya masabata 6 basi.

Njira yachitatu imalowa m'kati mwa puloteni ya HA, ndipo ndi imene ikufotokoza chifukwa chake kachilombo kena kamangoyambitsa chifuwa pamene kena kamapha. Puloteniyi imapangidwa ili chingwe chimodzi chotalika, ndipo imakhala ngati thumba la chimanga losokedwa kukamwa, limene zam'kati mwake sizingagwire ntchito mpaka wina atadula ulusi. Iyenera kudulidwa pamalo amodzi enieni kuti ikhale zigawo ziwiri, HA1 ndi HA2, ndipo ikapanda kudulidwa kachilomboko kangathe kumatirira pa selo koma sikangalowetsemo malangizo ake. Kachilomboko kalibe chodulira chakechake, choncho kamadalira ma enzaimu a m'thupi la mbalame. M'tizilombo topanda ukali, pamalo odulirapo pamakhala arginine mmodzi kumapeto, amene ndi mmodzi mwa ma amino asidi, tizidutswa timene timalumikizana kupanga puloteni, ndipo akatswiri akamalemba malowa ndi zilembo, chilembo chilichonse chikuimira amino asidi mmodzi, pa H5 wamba zimaoneka motere: PQRETR, kenako GLF kuseri kwa podulidwapo. Malo otere amadulidwa ndi trypsin ndi ma enzaimu ofanana naye, amene amapezeka m'njira ya mpweya ndi m'matumbo mokha, ndipo n'chifukwa chake matenda ake amathera komweko.

M'tizilombo taukali, pamalo omwewo pamakhala mndandanda wa arginine ndi lysine, amene amalembedwa ndi zilembo R ndi K. Kachilombo kamene kanapezeka mwa tsekwe ku Guangdong m'dziko la China mu 1996, kholo la H5N1 amene wavutitsa dziko kuyambira nthawi imeneyo, kanali ndi PQRERRRKKR. Mndandanda wotere umadulidwa ndi enzaimu yotchedwa furin, imene ili pafupifupi m'selo lililonse la thupi, ndipo imadula puloteniyo kachilomboko kadakapangidwa m'kati mwa selo, moti kamatuluka kali kokonzeka kale kulowa m'selo lotsatira. Chotsatira chake n'chakuti kamafika mu ubongo, mumtima, m'chiwindi, m'kapamba ndi m'maselo oyala m'kati mwa mitsempha ya magazi. Kusiyana kwa zilembo zinayi kapena zisanu pa puloteni ya ma amino asidi opitirira 500 ndi kumene kumalekanitsa khola lotsokomola ndi khola lakufa.

Kuwerenga malo amenewa kumatheka pa tsiku limodzi kapena awiri kuchokera pa kathonje kopukutira kukhosi kwa mbalame, popanda kupha nkhuku ina iliyonse, ndipo n'chifukwa chake ndikuiika patsogolo. WOAH nayo imalola kuti kachilombo ka H5 kapena H7 kamene malo ake odulirapo akufanana ndi a tizilombo taukali todziwika kale kawerengedwe kuti n'kaukali, ngakhale muyezo wa pa nkhuku utanena zina. Kufunika kwa lamuloli kumaoneka pa zimene zinachitika ku Pennsylvania m'dziko la United States. Mu April 1983 kunabuka H5N2 amene ankapha nkhuku zochepa, koma pofika mu October chaka chomwecho anasanduka woopsa, ndipo mbalame pafupifupi 17 miliyoni zinaphedwa pofuna kumuthetsa. Yoshihiro Kawaoka ndi Robert Webster pamodzi ndi anzawo anapeza kuti mndandanda wa arginine ndi lysine unalipo kuyambira pachiyambi, koma pafupi nawo panali kanthambi ka shuga komatirira pa puloteniyo, kamene kankatchinga enzaimu kuti isafike podulapo. Amino asidi mmodzi atasintha, kanthambiko kanachoka ndipo malowo anakhala poyera. Nkhani imeneyi ikusonyeza mbali ziwiri: kuti zilembo zokha sizinena zonse, popeza mmene puloteniyo yapindikira ndi zimene zamatirirapo zili ndi mphamvu, komanso kuti kachilombo kokhala ndi zilembo zoopsa koma kosapha lero kangakhale katatsala sitepe imodzi yokha. Ku Texas mu 2004 kunapezeka H5N2 wina wa zilembo zoopsa amene sanadwalitse nkhuku ngakhale imodzi pa muyezo wa IVPI, ndipo akuluakulu anamutengabe ngati waukali. Ndikuona kuti anachita bwino.

Wowerenga malowa ayeneranso kudziwa kuti ukali subwera mwa njira imodzi. Nthawi zambiri enzaimu yokopera RNA ya kachilomboko imaterereka n'kubwereza zilembo, koma ku Chile mu 2002 kachilombo ka H7N3 kanalowetsa pamalo odulirapo kachidutswa kochokera ku jini yake ina, kutanthauza malangizo a chibadwa opangira puloteni yotchedwa nucleoprotein, ndipo ku British Columbia m'dziko la Canada mu 2004 H7N3 wina analowetsapo kachidutswa ka jini ya matrix. Makina oyezera mwachangu amene anakonzedwa kuti azizindikira mndandanda wodziwika kale akhoza kuphonya zachilendo zotere, ndipo zikatero mpamene muyezo wa pa nkhuku umakhalabe wofunika. Ena amayesanso kachilomboko m'maselo olimidwa m'mbale popanda kuthiramo trypsin, poganiza kuti kakachulukana popanda thandizolo ndiye kuti furin ikukadula. Imeneyi ndi njira yabwino yotsimikizira, koma yokha sikwanira kugamulirapo.

Zonsezi sizikuyankhabe funso la bakha, popeza bakha nayenso ali ndi furin m'maselo ake ndipo puloteni ya HA imadulidwa mwa iye monga mmene imadulidwira mwa nkhuku. Apa mpamene pakufunika njira yachinayi, yodontheza kachilomboko m'mphuno kapena m'maso mwa mtundu weniweni wa mbalame, kuiika pamodzi ndi zinzake zosapatsidwa, n'kuyeza osati imfa zokha komanso kuchuluka kwa tizilombo timene ikutulutsa kukhosi ndi m'zitosi. Kafukufuku wotere wasonyeza kuti mwa nkhuku kachilombo kaukali kamachulukana kwambiri m'maselo oyala m'mitsempha ya magazi, zimene zimayambitsa kutupa ndi kukha magazi m'kati, pamene mwa abakha ambiri maselo amenewa sagwidwa kwenikweni. Mu 2010 gulu la Katharine Magor la ku University of Alberta linasonyeza kuti abakha ali ndi puloteni yotchedwa RIG-I, imene imazindikira RNA yachilendo m'selo n'kudzutsa chitetezo cha thupi mwamsanga, pamene nkhuku zilibe jini yake n'komwe ndipo zimadalira puloteni ina yotchedwa MDA5. Choncho ukali uli pakati pa mapuloteni a mbali ziwiri, a kachilombo ndi a mbalame, ndipo kuwerenga mbali imodzi yokha kumapereka theka la yankho.

Ngakhale mawu akuti bakha ndi otakata mopitirira. Abakha a mtundu wa Muscovy, ofiira kumaso aja amene amawetedwa kwambiri m'midzi ya kuno kwathu, amadwala ndi kufa msanga kusiyana ndi abakha oyera a Pekin akapatsidwa H5N1 yemweyo, ndipo anapiye a abakha amafa kwambiri kusiyana ndi akuluakulu. Nkhukundembo zimagwidwa mosavuta ngakhale ndi tizilombo topanda ukali, nkhanga ndi zinziri zimafa monga nkhuku, pamene nkhunda zimakana ndithu. Kachilombo nakonso kamasintha. Chakumapeto kwa 2002 mbalame za m'madzi zinayamba kufa m'mapaki a Penfold ndi Kowloon ku Hong Kong, ndipo mu 2005 mbalame zakutchire zoposa 6,000, zambiri mwa izo atsekwe, zinafa pa nyanja ya Qinghai ku China. Muyezo wa IVPI sukanatha kulosera kusinthaku, chifukwa tizilombo takale ndi tatsopano tonse tinkapha nkhuku zoyeserazo mofanana. Kum'mwera kwa Africa kuno chitsanzo choonekeratu ndi nthiwatiwa za ku South Africa, kumene H5N2 waukali anabuka mu 2004 ku Eastern Cape ndiponso mu 2011 m'dera la Oudtshoorn. Nthiwatiwa zikuluzikulu zambiri sizinkaoneka zodwala, komabe masauzande ambiri anaphedwa ndipo malonda a nyama yake ku Ulaya anaimitsidwa. Njira yachinayiyi ndi yodula kuposa zonse ndipo singachitike pa mbalame iliyonse, makamaka zakutchire zimene zatsala pang'ono kutha, koma palibe ina imene ingailowe m'malo pa funso lakuti ndani akufalitsa matenda mwakachetechete.

Njira yachisanu ndi yowerenga tizidutswa tonse 8 n'kufufuza zizindikiro m'mapuloteni ena. Pa NA amayang'ana kutalika kwa kaphesi kamene kamanyamula mutu wa puloteniyo, chifukwa tizilombo timene takhalitsa m'nkhuku ndi nkhukundembo kawirikawiri timataya ma amino asidi pafupifupi 20 pa kaphesiko, ndipo kufupika kotere kumakhala umboni wakuti kachilomboko kazolowera mbalame za pamtunda. H5N1 wa gulu la 2.3.4.4b, amene wafalikira m'mbalame zakutchire kuyambira 2020, ali ndi kaphesi kotalika, ndipo ndi iye amene anapha mbalame za m'nyanja zotchedwa Cape cormorant zoposa 20,000 ku South Africa mu 2021 komanso anafika ku North America kumapeto kwa chaka chomwecho. Pa puloteni ya PB2, imene ndi mbali ya makina okopera RNA, amayang'ana malo a nambala 627, pamene tizilombo ta mbalame timakhala ndi glutamic acid ndipo tozolowera nyama zoyamwitsa timakhala ndi lysine. Mu 2016 gulu la Wendy Barclay la ku Imperial College London linapeza chifukwa chake: makinawa amadalira puloteni ya m'selo yotchedwa ANP32A, imene mwa nkhuku ili ndi ma amino asidi 33 owonjezera amene nyama zoyamwitsa zilibe. Nthiwatiwa nazo zilibe kachigawo kowonjezerako, moti kachilombo kochulukana mwa izo kamakankhidwira ku kusintha komwe kumakathandiza mwa nyama zoyamwitsa. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kuidera nkhawa kulikonse kumene nthiwatiwa zimawetedwa.

Mphamvu ya njirayi ndi yakuti imaona zimene njira zina zonse siziona, makamaka chiopsezo kwa anthu. H7N9 amene anabuka ku China mu 2013 anali ndi malo odulirapo wamba ndipo sankadwalitsa nkhuku, koma anagwira anthu oposa 1,500 ndipo oposa 600 anamwalira. Pa muyezo wa nkhuku anali wopanda ukali mpaka chakumapeto kwa 2016, pamene ma amino asidi anayi analowa pa HA yake. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti zizindikiro zambiri zimagwira ntchito malinga ndi mapuloteni ena amene zili nawo limodzi, moti kusintha kumene kumawonjezera ukali m'kachilombo kamodzi kukhoza kukhala kopanda kanthu m'kena. Zimenezi n'zoona makamaka pa NS1, puloteni imene imatsekereza chitetezo cha thupi. Mndandanda wautali wa zosintha umene labotale imatulutsa uyenera kuwerengedwa ngati mafunso ofunika kuwayesa pa mbalame, ndipo ndimakayikira aliyense amene amalengeza ngozi kapena chitetezo potengera chilembo chimodzi cha m'kati.

Kwa dziko limene lili ndi ndalama zochepa, dongosolo limene ndingalimbikitse ndi loyamba ndi makina oyezera RNA kuti adziwe ngati ndi influenza A, ngati ndi H5 kapena H7, komanso ngati si chitopa, kenako kuwerenga malo odulirapo n'kuchitapo kanthu pa nkhuku popanda kudikira china. Tizidutswa tonse 8 tiwerengedwe pa zoyeza zoyambirira za mliri uliwonse, ngakhale zitafunika kutumizidwa kunja, ndipo IVPI isungidwire tizilombo tachilendo timene zilembo zake sizikufanana ndi zodziwika. Pa abakha, nthiwatiwa ndi mbalame za m'madambo, m'malo mwa kafukufuku wodula uja pakhale kupukuta kukhosi ndi kotulukira zitosi kwa mbalame zooneka zathanzi komanso kuyeza magazi awo. Zimenezi si nkhani yakutali, popeza H5N8 anafika pa famu ina pafupi ndi Harare mu 2017 asanabuke ku South Africa chaka chomwecho, ndipo mu 2023 mliri wa H7 umene unasowetsa mazira ku South Africa unafikanso m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique.

Chotsatira chonena kuti H5 kapena H7 amene wapezeka m'khola ndi wopanda ukali chimanena za tsiku limene zoyezazo zinatengedwa. Kachilombo kotere kakasiyidwa kuti kazizungulira m'makola a nkhuku ndi nkhukundembo, malo odulirapo ayenera kuwerengedwanso mobwerezabwereza, makamaka imfa zikangokwera pang'ono. Kumpoto kwa Italy H7N1 wopanda ukali anayamba kufalikira mu March 1999, ndipo pofika mu December anali atasintha, moti mbalame zoposa 13 miliyoni zinafa kapena kuphedwa mliriwo usanathe mu 2000.